Kodi mumadziwa? Pulogalamu ya ojambula zithunzi imene inasiya kugulitsidwa

Kodi mumadziwa kuti Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi yotchuka kuposa zonse padziko lapansi, simungathenso kuigula kuti ikhale yanuyanu? Ngakhale mutagulitsa ng'ombe ziwiri n'kupita ndi ndalama zake m'manja, eni ake, kampani ya Adobe ya ku America, sakugulitsani. Amabwereketsa basi. Mumalipira pamwezi kapena pachaka, ndipo mukasiya kulipira pulogalamuyo imakana kutseguka. Musaiyese nkhani ya kutali. Chithunzi cha ukwati chopachikidwa pabalaza kuno ku Lifidzi, kalendala ya kwaya, nkhope ya malemu yodindidwa pamalaya a pamaliro, ngakhale tizithunzi ta tipo passe tolembetsera mwana kusukulu, zambiri mwa izi zimayamba zadutsa pakompyuta ya munthu wina ku Ulongwe, ku Dedza kapena ku Tete.

Kodi mumadziwa kuti anaipanga ndi anyamata awiri apachibale? Thomas Knoll anayamba kuilemba mu 1987 ali pasukulu ya ukachenjede ya Michigan, ndipo mbale wake John, amene ankagwira ntchito yokonza zodabwitsa za m'mafilimu ku Industrial Light & Magic, ndiye anaona kuti chinthucho chingagulitsidwe. Photoshop yoyamba inatuluka mu February 1990, yogwira pamakompyuta a Macintosh okha. Kuno ku Mozambique nkhondo inali ikadali mkati, ndipo mabanja ambiri a ku Angónia anali othawa kwawo ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Kuyambira pamenepo mpaka 2013 inkagulitsidwa monga katundu wina aliyense. Yomaliza kugulitsidwa motero inali Photoshop CS6 ya mu 2012, pamtengo wa madola 699. Zinali ndalama zambiri ndithu, koma ukagula wagula. Ojambula ambiri ankakhala ndi imodzimodziyo zaka zisanu kapena kuposerapo, yatsopano ikatuluka n'kungoiyang'ana ikudutsa, chifukwa yakaleyo inkagwirabe ntchito bwinobwino. Khalidwe limeneli ndi limene kampaniyo inafuna kuthetsa.

Kodi mumadziwa tsiku limene zinasintha? Pa 6 May 2013, pamsonkhano wa Adobe MAX mumzinda wa Los Angeles, akuluakulu a kampaniyo analengeza kuti sipadzakhalanso CS7. Zatsopano zonse zizipezeka mu Creative Cloud, yolipira mwezi ndi mwezi: madola 49.99 ukafuna mapulogalamu onse, madola 19.99 ukafuna imodzi yokha.

Ojambula anapsa mtima kwabasi. Wojambula wina wa ku Pennsylvania anayambitsa chikalata chodandaula, ndipo anthu zikwi makumimakumi anasainirapo. Mtengo unkawawa, makamaka kwa opuma pantchito ndi kwa ojambula mongosangalala, amene kamera siiwabweretsera khobidi. Koma chimene chinkawasowetsa tulo kwambiri chinali china. Wojambula akamakonza chithunzi mu Photoshop amachisunga mufayilo ya mtundu wa PSD, mmene muli magawo onse a ntchito yake, kuti tsiku lina akafuna kusintha adzayambire pomwe analekezera. Ndiye ankafunsa kuti, tikalephera kulipira chaka chamawa, kapena tikakalamba, ntchito yathu ya zaka makumi awiri tidzaitsegula ndi chiyani? Ine ndimaona kuti funso limeneli linali loona nthawi imeneyo, ndipo n'loona mpaka lero. Luso ndi lako, kamera ndi yako, amene unapirira dzuwa paukwati ndi iwe, koma chitseko cholowera kuntchito yako yomwe chili m'manja mwa wina.

Kodi mumadziwa kuti phokosolo linaphula kanthu? Mu September 2013 Adobe inatulutsa mtengo wa ojambula okha: Photoshop pamodzi ndi Lightroom pa madola 9.99 pamwezi. Poyamba unali wa okhawo amene anali kale ndi CS3 kapena yoposa pamenepo, koma pofika June 2014 unatsegulidwa kwa aliyense. Apa tinene chilungamo, ambiri anakondwa. Werengani nokha: kuti madola 9.99 akwane 699 pamafunika miyezi 70, pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi. Mnyamata amene sakanatha kupeza madola 699 pakamodzi anatha kuyamba ntchito ndi pulogalamu yeniyeni, yosaba. Ojambula a m'makampani akuluakulu, amene ankagula yatsopano iliyonse, anaona kuti apepukidwa. Choncho ojambula anagawikana pawiri, ndipo mpaka pano sanagwirizane.

Nanga za lonjezo la Lightroom mumazidziwa? Iyi ndi pulogalamu imene ojambula amasanjiramo zithunzi zikwizikwi ndi kukonzeramo kuwala ndi mitundu. Mu 2013 Adobe inawatsimikizira kuti imeneyi ipitiriza kugulitsidwa mogula kamodzi. Lightroom 6 inatulukadi mu 2015 pa madola 149. Koma mu October 2017 analengeza kuti imeneyo ndiyo yomaliza. Amene anakhulupirira mawu a 2013 anamva kupwetekedwa kuposa poyamba paja.

Mu October 2013, patangopita miyezi isanu chilengezereni za kulipira pamwezi, zinadziwika kuti akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a Adobe. Poyamba kampaniyo inati akhudzidwa ndi anthu 2.9 miliyoni, kenaka chiwerengero chinakwera kufika 38 miliyoni. Ndipo amene ankaganiza kuti njira yatsopanoyi ithetsa kukopera mwakuba anakhumudwa msanga, chifukwa Photoshop CC itangotuluka mu June 2013, yobedwa inayamba kuzungulira pasanathe masiku awiri.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale anthu anadandaula chotero, kampaniyo inalemera kuposa kale? Mu 2012 inalowetsa madola 4.4 biliyoni. Mu 2013 zinatsikako pang'ono. Pofika 2024 zinali zitadutsa 21 biliyoni. Makampani ena opanga mapulogalamu ataona zimenezi anatsata mapazi omwewo, n'chifukwa chake lero ngakhale kapulogalamu ka pafoni kochotsera ziphuphu pankhope kamakupemphani ndalama sabata iliyonse.

Tsono imvani iyi, imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Mu October 2019 ojambula ndi okonza mabuku a ku Venezuela analandira uthenga woti maakaunti awo onse atsekedwa pofika pa 28 mwezi womwewo. Sanalakwe kanthu, ndipo ambiri anali atalipiriratu. Chifukwa chake chinali lamulo limene Pulezidenti Donald Trump anasainira mu August chaka chomwecho loletsa malonda ndi boma la Venezuela. Tsikulo litayandikira, boma la America linapereka chilolezo ndipo maakauntiwo sanatsekedwe. Komabe dziko lonse linaona poyera kuti mkangano wa maboma awiri ungathe kulanda munthu wamba chida chake chodyera, iye ali phee m'nyumba mwake. Amene anali ndi CS6 yakale ija pakompyuta sanatekeseke ndi uthengawo. Ife a m'maiko ang'onoang'ono, amene mawu athu samveka ku Washington, nkhani imeneyi tisamaiiwale.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale mitundu inayamba kulipiritsidwa? Kumapeto kwa 2022, Adobe ndi kampani ya Pantone atasiyana maganizo, anthu ena anatsegula mafayilo awo akale n'kupeza malo amene munali mitundu ya Pantone ada bii. Kuti ibwerere ankafunika kulipira Pantone madola 15 pamwezi, kuwonjezera pa za Adobe zija.

Kutulukamo nakonso kuli ndi mtengo wake. Ukasankha mgwirizano wa chaka wolipira mwezi ndi mwezi, n'kufuna kuleka pakati, amakudula theka la ndalama za miyezi yotsalayo. Mu June 2024 boma la America, kudzera ku bungwe la Federal Trade Commission, linasumira Adobe kukhoti ponena kuti chindapusa chimenechi ankachibisa kwa ogula ndiponso kuti ankavutitsa ofuna kusiya. Ndipo mtengo wotchuka uja wa 9.99, umene unakhala zaka zoposa khumi osasuntha, unakwera pa 15 January 2025 kufika madola 14.99 kwa olipira pamwezi, n'kutsekedwa kwa ofuna kulowa kumene.

Tibwere kwathu. Madola 14.99, pa mtengo wa mametikali pafupifupi 64 pa dola imodzi, ndi mametikali oposa 950 mwezi uliwonse. Njira yolipira pamweziyi anaikonzera munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi, wokhala ndi khadi la kubanki lolipirira kunja, magetsi osathima ndi intaneti yosadukaduka. Wojambula wa kuno sakhala moyo wotero. Ndalama zake zimayenda pamanja, pa M-Pesa kapena pa e-Mola, ndipo zimatsata nyengo ya kumunda. Anthu akakolola chimanga, akagulitsa mbatata ya kachewere, soya ndi fodya, ndi pamene maukwati amachuluka, ziliza zimamangidwa, ngoma imavinidwa, ndipo wojambula sapuma. Ikafika nthawi ya dzinja, ndalama zonse zili ku feteleza ndi ku ufa, kamera imagona m'chikwama, kupatula tizithunzi ta ana olembetsa sukulu. Zili ngati kubwereka ngolo yolipira mwezi uliwonse, pamene zotuta zimapezeka miyezi inayi yokha pachaka. Munthu wogula kamodzi akanagula m'nyengo yokolola n'kupuma. Wobwereka alibe mwezi wopuma.

Kodi mumadziwa kuti pulogalamuyo imafuna kulankhula ndi eni ake? Imakhala pakompyuta panu ndithu, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti, koma pakapita masiku 30 imafuna kutsimikiza kuti munalipira. A mgwirizano wa chaka amawalola kufika masiku 99 osalumikiza. Kwa wa ku Maputo si nkhani. Kwa wa kumudzi wa kuseri kwa phiri la Domwe, ndi ulendo wokasaka netiweki ndi kugula mamega.

Abale athu a ku Malawi, kutsidya kwa malire a Calomué, zawo n'zolemera koposa. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika 1,700. Ku America mtengo sunasinthe ngakhale pang'ono, koma wojambula wa ku Dedza anadzuka ngongole yake ya pamwezi itakula, ndipo kupeza ndalama zakunja m'mabanki a kumeneko n'kovuta. N'zosadabwitsa kuti m'masitudiyo ang'onoang'ono ambiri a m'chigawo chino mumapezeka Photoshop yakalekale yopatsirana pafulashi. Sindikuyamikira zimenezo, pakuti mapulogalamu obedwa nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi amene angafafanize zithunzi za ukwati wa eni ake usiku umodzi. Koma amene amaika mitengo ku Adobe akanayenera kudziwa kuti anthuwa si akuba mwachibadwa. Mtengo ndi kalipiridwe ndi zimene zinawatsekera kunja.

Kodi mumadziwa kuti zilipo zaulere, zololedwa ndi lamulo? GIMP anaiyamba ophunzira awiri a ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, mu 1995, ndipo GIMP 3.0 inatuluka mu March 2025. Ilipo darktable, yogwira ntchito yofanana ndi ya Lightroom, ndiponso RawTherapee. Zimenezi zimalembedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo chilolezo chake n'choti palibe angadzakulandeni imene mwaika kale pakompyuta. GIMP ndi darktable zimapezekanso m'Chipwitikizi. Kuzizolowera kumafuna kuleza mtima ngati manja anazolowera Photoshop, koma kuyeretsa kumbuyo kwa tipo passe, kuwalitsa nkhope ya mkwatibwi ndi kulemba maina pakalendala zimatheka bwino lomwe. Pafoni pali Snapseed ya Google. Palinso Affinity Photo, imene kampani ya Serif ya ku Nottingham inatulutsa mu 2015 n'kukopa ambiri othawa Adobe chifukwa inali yogula kamodzi. Canva inagula kampaniyo mu March 2024, ndipo mu October 2025 inapanga Affinity kukhala yaulere kwa aliyense wotsegula akaunti. Ndi mwayi weniweni, ngakhale kuti ulere wochokera ku kampani umakhalapo malinga ndi kufuna kwa kampaniyo.

Kodi mumamudziwa Ricardo Rangel? Anabadwira ku Lourenço Marques mu 1924, anamwalira ku Maputo mu 2009, anali mmodzi mwa oyambitsa magazini ya Tempo mu 1970, ndipo kuyambira 1983 anaphunzitsa ojambula ambiri a dziko lino pasukulu ya kujambula ya ku Maputo. Chimodzi mwa zithunzi zake zodziwika ndi cha kamnyamata kabusa kamene bwana wake wachitsamunda anakaotcha pamphumi ndi chitsulo chodindira ng'ombe. Umboni umenewo ulipobe chifukwa unasungidwa pafilimu ndi papepala, zimene aliyense wokhala ndi maso angathe kuona. N'chimodzimodzi nkhope za ansembe awiri a Chiyezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, amene anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, pa 30 October 1985. Timazidziwa chifukwa cha zithunzi zojambulidwa Photoshop isanabadwe. Koma mabanja angati a kuno anabwerako ku Malawi nkhondo itatha mu 1992 opanda chithunzi ngakhale chimodzi cha makolo awo? Dera limene linataya zithunzi zochuluka chotero m'moto ndi m'kuthawa lili ndi chifukwa chokwanira chofunsira kumene zithunzi za lero zikusungidwa.

Kwa ojambula amene muli kale mu Lightroom Classic, dziwani kuti mukasiya kulipira simutaya zonse. Gawo losanjira zithunzi limatsegukabe ndipo mungathe kutulutsa zimene munakonza kale, koma gawo lokonzera ndilo limatsekedwa. Zomalizidwa muzizisunga mu JPEG kapena TIFF, mitundu imene pulogalamu iliyonse imatsegula, ndipo muziziika malo awiri osiyana.

Kwa ojambulitsa, kodi mumadziwa kuti chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimachepetsedwa, moti mukadzafuna kuchitsukitsa chachikulu chimatuluka chosaoneka bwino? Mukamalipira wojambula wa paukwati kapena paubatizo, mugwirizane naye zoti akupatseni mafayilo athunthu pafulashi kapena pamemore khadi, ndipo ngati n'kutumiza pafoni, atumize monga documento.