Tigalimoto ta rimoti tidaumba katswiri

Mwana akamathamanga ndi galimoto yake ya mawaya, makolo ambiri amangoti akutaya nthawi. Ena amafika pomulanda n'kumutuma kuchigayo. Koma ku Mangalande, kagalimoto koseweretsa ndi komwe kadayambitsa ulendo wa mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri pa liwiro la galimoto.

Katswiriyu ndi Lewis Hamilton, yemwe adabadwa mu 1985 m'tauni ya Stevenage. Bambo ake, a Anthony Hamilton, adamugulira kagalimoto koyendera rimoti, ndipo asanakwanitse zaka 8 mwanayo adakhala wachiwiri pampikisano wa bungwe la BRCA, loyendetsa masewerowa m'dzikomo. Omwe ankalimbana nawo adali akuluakulu a ndevu zawo.

Kodi masewerowa amayenda bwanji?

Nyengo yozizira ikafika kumeneko, kunja kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho makalabu ambiri amabwereka holo ya sukulu kapena ya zamasewero. Mamembala amayala kapeti pansi n'kukonza msewu wokhotakhota. Akatha, amapinda kapeti ija n'kusiya holo monga adaipezera.

Tigalimototi n'tosaposa theka la mita, koma tili ndi mota, magiya, masipuling'i ndi batire yotchaja. Oyendetsa amaima pansanja, rimoti ili m'manja, kuti aziona msewu wonse. Nthawi zambiri gulu limakhala la tigalimoto tosaposa 10, ndipo mpikisano umatenga mphindi 5. Wopambana ndi amene wazungulira kambiri m'nthawiyo.

Za kukangana kuti "ndakupitirira ndine" kulibe. Kagalimoto kalikonse kamakhala ndi kachipangizo komwe kamauza kompyuta kakangodutsa pamzere woyambira.

Lamulo lina ndi lophunzitsa kudzichepetsa. Ukatsika pansanja suthamangira kukakhala pampando. Umakaima m'mbali mwa msewu kuti uzidzutsa tigalimoto ta anzako tikagubuduzika pampikisano wotsatira. Kaya ndiwe bwana kuntchito, umathamangira kagalimoto ka mwana wa sukulu, poti mawa kogubuduzika kadzakhala kako.

Pomaliza onse amagawidwa m'magulu a A, B, C ndi ena potengera momwe achitira, kuti ongoyamba kumene apikisane okhaokha m'malo mobwerera kwawo atagwa mphwayi.

Vuto lalikulu ndi ndalama. Matayala amaperepeseka msanga, mabatire amafooka, ndipo kuwomba chotchinga kamodzi kokha kutha kuthyola mwendo wa kagalimoto. N'chifukwa chake makalabu amakhala ndi magulu omwe aliyense amayenera kugwiritsa ntchito mota ya mphamvu zofanana, kuti wa thumba lonona asagule chipambano.

Masewerowa si a ku Mangalande kokha. Bungwe la IFMAR, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1979, limakonza mipikisano ya dziko lonse, ndipo Masami Hirosaka wa ku Japan adapambanako maulendo 14. Mu 2018 mpikisano wotere udachitikira mu Africa muno, m'tauni ya Welkom ku South Africa, komwe Bruno Coelho wa ku Portugal adatenga chikho.

Nanga Hamilton uja? Atachoka pa rimoti adayamba kuyendetsa tigalimoto tokhalamo munthu, bambo ake akugwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti alipire zofunika. Pakati pa 2008 ndi 2020 adapambana mpikisano wa Formula One maulendo 7.

Si mwana aliyense wa kukalabu amene amadzakhala Hamilton. Ambiri amangotulukako akudziwa kulumikiza mawaya, kusintha magiya, kufufuza chomwe chavuta, komanso kugonja osalira. Izi zokha n'chuma kale.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Musanalande galimoto ya mawaya ija, tayang'anani kaye momwe mwanayo wapangira chiwongolero kuti matayala akutsogolo azikhota. Adamuphunzitsa ndani?