Madzi a Linthipe amakumana ndi a m'tauni asadafike ku nyanja

Mlimi wa kwa Kaphuka akamathirira kabichi ndi matimati kudimba, sakumbukira za zimbudzi za mu mzinda wa Lilongwe. Nanga zimukhudza bwanji poti iye ali kumtunda? Koma tautsatani mtsinje wa Linthipe kuchokera pamlatho wa pa Linthipe 1. Ukalandira madzi a Diamphwe, umatsikira ku Salima komwe umakumana ndi mtsinje wa Lilongwe, ndipo madzi onsewa amakathira limodzi m'nyanja ya Malawi.

Mtsinje wa Lilongwe ndiye umasenza katundu wa m'tauni. Nyansi zoyenda m'mapaipi a suweji zimakafikira ku Kauma, komwe kuli madamu oyeretsera madziwo asadabwerere mumtsinje.

Ambiri amaganiza kuti kumeneko kuli makina odabwitsa. Ayi ndithu. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi dzuwa komanso nthawi. Poyamba madzi amadutsa pa zitsulo zotchinga mapepala, nsanza ndi zinyalala zina. Kenaka amalowa m'damu lakuya momwe zolemera zimadikha pansi n'kumaola. M'madamu otsatira, omwe ndi osaya, mumamera ndere zobiriwira. Nderezo zimatulutsa mpweya wabwino umene tizilombo tosaoneka ndi maso timagwiritsa ntchito podya nyansi zotsala. M'madamu omalizira, dzuwa limapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda, pomwe mazira a njoka za m'mimba amamira pansi. Zonsezi zimafuna masiku ambiri. Damu likadzaza matope, kapena madzi akachuluka kuposa muyeso, amangodutsa mothamanga n'kutuluka ali osapsa, ngati nsima yophulidwa msanga.

M'chaka cha 2017 World Bank idavomereza ndalama za ntchito ya madzi ndi ukhondo mu mzindawu, ndipo mwa zina mudali kukonzanso malo a ku Kauma. Komabe nyumba zolumikizidwa ku mapaipi n'zochepa. Ambiri ali ndi zimbudzi zokumba ngati ife tomwe.

Apa ndiye pali nkhani yathu. Kwa Kaphuka kulibe Kauma. Chimbudzi cha pamsika chikasefukira m'dzinja, kapena wina akakadzithandiza m'bango, nyansizo zimalowa mu Linthipe osayeretsedwa ndi pang'ono pomwe. Kutsidya kwake mayi akutsuka matimati opita nawo pamsewu. Kumunsi mwana akutunga akumwa. Sitinaiwale kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe adapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno.

Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chizikumbidwa mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena mtsinje, ndipo chikhale kumunsi kwa chitsimecho. Khola la nkhumba nalonso lisayang'ane kumtsinje. Ndowe zake ndi manyowa, bwanji kuzipereka kwa madzi ulere? Ndipo inu opopera mbatata ya kachewere, sipuleya musatsukire mumtsinje. Mankhwala aja ngakhale madamu a ku Kauma sangawachotse onse.

Udzu, bango ndi nsenjere za m'mbali mwa mtsinje zimagwira matope ndi zonyansa monga amachitira madamu aja. Ambiri tidazilima mpaka m'madzi pofuna chinyontho, ndiye taonani momwe Linthipe amafiirira mvula yoyamba ikangogwa. Nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje ngati Linthipe kukaswana pa timiyala toyera, ndipo matope akakwirira timiyalato mazira ake amafa.