Momwe madotolo amaunikira magazi oundana m'mapapo a agalu

Galu amene amatopa msanga, kupuma mwawefuwefu, kutsokomola kapena kukomoka akathamanga pang'ono akhoza kukhala ndi magazi oundana m'mitsempha ya m'mapapo. Vutoli limabisala, ndipo likachedwa kudziwika limatha kupha galuyo.

Nthawi zambiri thupi la galu limasungunula lokha magazi oundana. Koma ena amatsalira, n'kuuma ndi kumatirira ku khoma la mtsempha. Njira ya magazi ikachepa motere, mbali ya kumanja ya mtima imapopa movutikira mpaka kukula ndi kufooka.

Zina mwa zomwe zimayambitsa vutoli ndi matenda a impso otayitsa mapuloteni mu mkodzo, khansa, matenda a Cushing, komanso nyongolotsi za mu mtima zotchedwa Dirofilaria immitis, zomwe zimafalitsidwa ndi udzudzu.

Dotolo wa ziweto amayamba ndi kujambula chifuwa ndi X-ray. Chithunzicho chimatha kuonetsa mtima wokula, mtsempha wotupa kapena chigawo cha mapapo chomwe sichikulandira magazi okwanira. Komabe agalu ena odwala amaoneka ngati ali bwino pa X-ray, choncho njirayi payokha siyokwanira.

Chotsatira ndi sikani ya mtima yogwiritsa ntchito mafunde a mawu. Malangizo omwe bungwe la American College of Veterinary Internal Medicine linatulutsa mu 2020 akuti magazi akamabwerera m'mbuyo pa valavu ya tricuspid pa liwiro loposa mamita 3.4 pa sekondi, n'chizindikiro chakuti mphamvu ya magazi m'mapapo yakwera. Koma sikaniyi sisonyeza kawirikawiri chomwe chatseka njira.

Umboni weniweni umapezeka ndi makina a CT. Galu amagonekedwa tulo, kenaka amabayidwa mankhwala a ayodini omwe amawalitsa magazi pa chithunzi. Magazi oundana kumene amaoneka pakati pa mtsempha, pomwe okhalitsa amaoneka atamatirira kumbali, mtsemphawo utaphwa kapena utapingika ndi timizere topyapyala. Mapapo nawo amaoneka amawangamawanga chifukwa magazi safika mofanana.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika posankha chithandizo. Mankhwala monga clopidogrel ndi rivaroxaban amateteza kuti magazi asaundanenso, ndipo sildenafil amachepetsa mphamvu ya magazi m'mapapo, koma sachotsa zomwe zinauma kale. N'chifukwa chake eni agalu, kuphatikizapo nthambi zomwe zimagwiritsa ntchito agalu pa chitetezo, akuyenera kuthamangira kwa dotolo zizindikiro zikangoyamba.