Bodza likafala pa Facebook, woyankha mlandu ndani?

Nyuzipepala ikasindikiza kalata yonamizira munthu kuti ndi mbava, wonamiziridwayo atha kusumira wolemba kalatayo, mkonzi ngakhalenso kampani yosindikiza. Lamulo limati onsewa adatengapo gawo pofalitsa bodzalo. Koma mawu omwewo akalembedwa pa Facebook, TikTok kapena YouTube, n'kufika kwa anthu ochuluka kuposa amene nyuzipepala ingawafikire, kawirikawiri eni tsambalo sakhudzidwa. Gwero la kusiyana kumeneku lili m'dziko la America, komwe kuli malikulu a ambiri mwa makampaniwa.

Nkhaniyi idayamba masamba a mchezo a masiku ano asadabadwe. M'chaka cha 1991, bwalo lina ku New York lidagamula kuti kampani ya CompuServe idalibe mlandu pa mawu oipitsa mbiri amene adalembedwa pa makina ake. Bwalolo lidayerekeza kampaniyo ndi sitolo ya mabuku, yomwe mwini wake sangawerenge buku lililonse asadaliike pa shelefu. Patapita zaka zinayi, mu 1995, bwalo lina m'dera lomwelo lidaona mosiyana pa mlandu wa kampani ya Prodigy. Munthu wosadziwika adalemba kuti kampani yogulitsa masheya ya Stratton Oakmont imachita zachinyengo, ndipo kampaniyo idasumira Prodigy, kufuna chipukuta misozi cha ndalama zokwana madola 200 miliyoni. Woweruza adati popeza Prodigy inkafufuta mauthenga otukwana pofuna kuti makina ake akhale oyenera mabanja, ndiye kuti inkagwira ntchito ya mkonzi, choncho iyankhe ngati nyuzipepala. Chodabwitsa n'chakuti wolemba uja adalondola: Stratton Oakmont idatsekedwa mu 1996 kaamba ka chinyengo, ndipo mbiri yake ndiyo idapangidwa filimu ya The Wolf of Wall Street.

Zigamulo ziwirizi zidapereka phunziro lopotoka. Kampani yolekerera zonyansa zonse idali pabwino, pamene yoyesetsa kusesa pabwalo pake ndiyo idali pa chiopsezo cha milandu. Aphungu awiri a Nyumba ya Malamulo ya America, Chris Cox ndi Ron Wyden, adakonza ndime yothetsa vutoli, yomwe idalowa m'lamulo la Communications Decency Act la 1996 ngati gawo 230. Gawoli likunena zinthu ziwiri. Mwini tsamba asatengedwe ngati wosindikiza wa mawu amene walemba munthu wina, komanso asazengedwe mlandu chifukwa chochotsa, ndi mtima wabwino, zimene waziona kuti n'zosayenera.

Kukula kwa chitetezo chimenechi kudaoneka msanga. Bomba litaphulika mu mzinda wa Oklahoma City mu 1995 n'kupha anthu 168, munthu wina adaika pa America Online uthenga wotsatsa malaya onyoza ophedwawo, n'kulembapo nambala ya foni ya bambo wina wa ku Seattle amene sankadziwa kanthu. Bamboyo adayamba kulandira mafoni omuopseza kuti aphedwa. Adadandaula kukampaniyo kangapo, koma mauthenga ena otere adapitirira kutuluka. Atakasuma, bwalo la apilo lidagamula mu 1997 kuti gawo 230 likuteteza kampaniyo ngakhale idali itadziwitsidwa za bodzalo. Maganizo a oweruza adali akuti kampani ikamaopa mlandu pa dandaulo lililonse, izingofufuta chilichonse chimene wina wadandaula nacho, choona ndi chabodza chomwe.

Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo amene amaipeputsa amaiwala kuti odandaula msanga nthawi zambiri amakhala anthu a mphamvu ndi a ndalama. Nduna imene yatchulidwa pa nkhani ya katangale ili ndi maloya. Mlimi amene walemba kuti sadalandire feteleza wake alibe. Komabe bambo wa ku Seattle uja adatsala manja ali m'khosi: wolemba bodza sadapezeke, ndipo kampani imene ikadatha kulizimitsa idatetezedwa. Otsutsa gawo 230 amawonjezera kuti masamba a lero sali ngati sitolo ya mabuku ija. Makina awo amasankha okha uthenga woti munthu auone poyamba, ndipo uthenga wokwiyitsa ndiwo umasunga anthu pafoni nthawi yaitali. Mu May 2023, bwalo lalikulu la Supreme ku America lidali ndi mpata wounika funso limeneli pa milandu imene abale a anthu ophedwa ndi zigawenga za ISIS adasumira Google ndi Twitter, koma lidathetsa milanduyo pa zifukwa zina, gawo 230 osalikhudza.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ambiri. Ufulu wolankhula umene uli m'malamulo aakulu a dziko la America umaletsa boma kutseka anthu pakamwa, koma sukakamiza kampani kusunga uthenga wa wina aliyense. Twitter itatseka tsamba la Donald Trump mu January 2021, ambiri adakwiya, koma amene adatseka sadali boma.

Maiko a ku Ulaya adatsata njira ina. Kumeneko tsamba limatetezedwa pokhapokha ngati silikudziwa za uthenga woswa lamulo. Likadziwitsidwa, liyenera kuchitapo kanthu mwachangu. Dziko la Germany lidakhwimitsa izi mu 2017 polamula kuti zoswa lamulo moonekeratu zizichotsedwa pasadathe maola 24, apo ayi kampani ilipire chindapusa chofika mayuro 50 miliyoni. Lamulo la Digital Services Act, lomwe bungwe la European Union lidakhazikitsa mu 2022, limakakamizanso masamba akuluakulu kufotokozera munthu chifukwa chimene uthenga wake wachotsedwera ndi kumupatsa mwayi wochita apilo.

Lamulo la kuno kwathu likufanana kwambiri ndi la ku Ulaya kusiyana ndi la ku America. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe pokhapokha ngati pali lamulo lotero, kuchepetsako n'koyenera ndiponso n'kofunika m'dziko la demokalase. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limateteza makampani ongodutsitsa kapena kusunga mauthenga a anthu ena ngati sadawayambitse ndipo sakudziwa kuti ndi oswa lamulo. Mtolo waukulu lidausenzetsa wolemba. Gawo 87 la lamuloli, lokhudza mauthenga osokoneza mtendere wa munthu wina, lili ndi chilango cha K1 miliyoni ndi miyezi 12 kundende, ndipo mabungwe oteteza atolankhani akhala akudandaula kuti mawu ake ndi otambalala kwambiri moti apolisi amaligwiritsa ntchito pomanga anthu odzudzula akuluakulu. Mu July 2025, bwalo lalikulu, litakhala ngati bwalo lounika malamulo aakulu a dziko, lidathetsa gawo 200 la Penal Code lomwe linkalola kuti munthu amangidwe chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake. Woipitsidwa mbiri akadali ndi ufulu wokasuma kuti alandire chipukuta misozi, ndipo amene angamupeze mosavuta ndi wolemba wa ku Ndirande kapena ku Area 25, osati kampani ya ku California.

Mlandu umene ungasinthe zinthu mu Africa uli ku Kenya. Mu November 2021, nkhondo ya ku Tigray ili mkati, mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Bahir Dar ku Ethiopia adawomberedwa pafupi ndi nyumba yake, patapita masabata ochepa chilembedwere pa Facebook mauthenga omuneneza, otchula ndi dera limene ankakhala. Mwana wake akuti adadandaula ku Facebook bambo ake akadali moyo, koma mauthengawo sadachotsedwe m'nthawi yake. Iye pamodzi ndi anzake adasumira kampani ya Meta, mwini wa Facebook, mu December 2022 ku Nairobi, komwe kudali antchito ounika mauthenga a m'chigawochi. Meta idati mabwalo a ku Kenya alibe mphamvu pa iyo, koma mu April 2025 bwalo lalikulu la dzikolo lidakana mfundoyo. Chigamulocho sichidanene kuti Meta ndi yolakwa. Chidangovomereza kuti nkhani ya imfa ya mphunzitsiyo imvedwe ndi oweruza a mu Africa.