Chinyezi chimadya mpamba mwakachetechete: samalani sikelo, makina ndi katundu

Mvula ikangoyamba mu November, ambiri a ife a geni timaganiza za matope, denga lodontha ndi galimoto zotitimira pa msewu wopita ku Neno boma. Koma pali mdani wina amene salowa ndi phokoso. Mdaniyu ndi chinyezi cha mumpweya. Chimalowa m'thumba la mchere, m'sikelo, m'makina omatira majumbo ngakhale m'ndalama zimene mwagulitsa tsikulo, ndipo pofika April wamalonda amangodabwa kuti phindu lapita kuti.

Boma la Neno, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, lili ndi nyengo ziwiri m'boma limodzi. Kumtunda, kumapiri a kwa Dambe komwe kumachokera mbatatesi ndi tirigu, kumazizira ndipo nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa. Kumunsi, cha ku Lisungwi ndi pa Zalewa pafupi ndi mtsinje wa Shire, kumatentha kwambiri, ndipo mvula ikagwa mpweya umakhala wofunda komanso wonyowa. Katundu amene amayenda pakati pa madera awiriwa amakumana ndi vuto lomwe botolo lozizira limakumana nalo mukalitulutsa m'firiji: limachita thukuta. Chitsulo chozizira chikakumana ndi mpweya wofunda wa chinyezi, timadontho ta madzi timakhala pamwamba pake. Izi zimachitikanso mkati mwa makina, momwe diso silifika.

Vuto limayambira ku fakitale

Katundu wambiri amene timaoda ku Limbe ndi ku Blantyre amapakidwa ndi makina. Ena mwa makinawa sayeza kulemera, amangoyeza kudzaza kwa kapu kapena kuzungulira kwa chitsulo chokankha ufa. Ufa, shuga kapena sopo waufa akayamwa chinyezi amagwirana n'kupanga zibuma, ndipo satsika bwino. Zotsatira zake paketi ina imadzaza bwino, ina imaperewera.

Makina owerenga mapaketi nawo amadalira kadiso ka kuwala komwe kamawerenga chinthu chilichonse chodutsa patsogolo pake. Mapaketi awiri akamatirana, kadisoko kamawerenga imodzi. Kagalasi kake kakachita nthunzi kapena kumatidwa ndi fumbi lonyowa, kuwerenga kumasokonekera. Makatoni nawo amafewa akayamwa chinyezi, guluu sagwira msanga, ndipo katoni ya pansi imaphwanyika ndi kulemera kwa zinzake. N'chifukwa chake mafakitale akuluakulu amaika makina oumitsa mpweya m'zipinda zopakira.

Phunziro kwa wooda ndi lakuti nthawi ya dzinja si yongokhulupirira zolembedwa pa katoni. Tsegulani katoni imodzi kapena ziwiri muli pomwepo pa holoselo, werengani, ndipo yezani mapaketi angapo pa sikelo. Katoni yofewa pansi kapena ya mabala a madzi ikaneni. Mukakwera minibasi n'kuwoloka mlatho wa Zalewa, kudandaula kumakhala kovuta.

Mchere, shuga ndi makina omatira

Mchere ndiye woyamba kugonja. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 75 peresenti, mchere umayamba kukoka madzi wokha, ndipo masiku a mvula ya mvumbi mlingo umenewu umadutsidwa mosavuta. Shuga amene wayamwa chinyezi kenako n'kuuma amalimba ngati mwala.

Amene amagula thumba la makilogalamu 50 n'kumagawa m'timapaketi amadziwa kuti pomata ndi pomwe pagona nkhani. Kaya mumamata ndi kandulo kapena ndi makina amagetsi a kawaya kotentha, pakamwa pa jumbo payenera kukhala pouma ndi poyera. Pakakhala kadontho ka madzi, kutentha kumakasandutsa nthunzi ndipo pamatsala kabowo kosaoneka. Pakamatirira timchenga ta shuga, shugayo amapserera pa kansalu kophimba waya, ndipo mapaketi otsatira samatika bwino. Paketi yotero imaoneka yabwino lero, koma pakatha sabata imakhala yagwirana, nyerere zalowa, kasitomala wapita kwa mnzanu.

Pakirani masana dzuwa likawala, osati m'mamawa kapena usiku. Tsegulani thumba limodzi pa nthawi, ndipo lotsala mulimange msanga. Pukutani kansalu ka makina ndi nsalu youma makinawo atazima. Musanapitirize, finyani paketi yoyamba: mpweya ukatuluka, ndiye kuti sinamatike. Kumbukiraninso kuti majumbo opyapyala osafika ma micron 60 ndi oletsedwa m'dziko muno, ndipo ngakhale pa nkhani ya chinyezi, jumbo yokhuthala ndi imene imateteza bwino katundu.

Sikelo ikayamba kunama

Sikelo za manambala zili ndi kachitsulo mkati komwe kamapindika pang'ono mukaika katundu, ndipo timawaya tosalimba timasandutsa kupindikako kukhala nambala. Chinyezi chikafika pamenepo, nambala imayamba kuyendayenda yokha kapena sikelo imakana kubwerera pa ziro. Pomwe pamakhala mabatire pamachita dzimbiri. Sikelo zolendewera za sipuling'i nazo zikachita dzimbiri zimauma, muvi sufika pamene uyenera kufika.

Sikelo yonama imabera mwini wake kapena kasitomala, ndipo zonsezi n'zowawa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo lili ndi udindo woyendera ndi kutsimikiza sikelo za malonda, ndipo kugwiritsa ntchito sikelo yosalondola ndi mlandu. Njira yapafupi yodziyesera nokha m'mawa uliwonse ndi madzi: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ikani botolo lopanda kanthu, bwezerani sikelo pa ziro, thiranimo lita yeniyeni. Nambala ikasiyana kwambiri, musagulitsire sikeloyo mpaka itakonzedwa. Usiku muichotse mabatire, muisunge m'ndowa youma yotsekeka, osati pansi pa simenti. Timapaketi ta timibulu toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a foni musamataye, tiziikani momwemo.

Kugula madzi pa mtengo wa chimanga

Kwa ogula mbewu, chinyezi chimaba poyera. Chimanga chosungika bwino chimayenera kukhala ndi chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti. Tiyerekeze kuti mwagula thumba la makilogalamu 50 lomwe chinyezi chake ndi 18 peresenti. Likauma kufika pa 13, litsala makilogalamu 47 ndi pang'ono. Pa matumba 100 mwataya pafupifupi matumba 6, osawerengera chuku chomwe chingagwire chimanga kapena mtedza wosauma n'kuchititsa kuti ogula akuluakulu aukane. Ku chigayo nakonso chimanga chonyowa chimatseka sefa, injini imalemedwa, magetsi kapena dizilo amapita wambiri, ndipo ufa wake suchedwa kununkha.

Ngati mulibe kachipangizo koyezera, gwiritsani ntchito botolo louma la galasi. Ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi masupuni awiri a mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani, ndipo mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume.

Ndalama nazo zimanyowa

Ma ajenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba, komanso a maholoselo amene ali ndi makina owerengera ndalama, adziwe kuti ndalama za pepala zimayamwa chinyezi. Ma K2,000 ndi ma K5,000 ochokera m'thumba la munthu wovumbwa amamatirana, ndipo makina amakoka awiri pamodzi kapena amangoima. Yalani ndalamazo ziume kaye, zipatuleni ndi chala, ndipo werengani kawiri. Makina akapereka manambala osiyana, werengani pamanja kasitomala akuona. Pa K5,000 imodzi yophonya, phindu la makasitomala ambiri lapita.

Zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Matabwa oikapo matumba kuti asakhudze pansi, mpata wa dzanja pakati pa katundu ndi khoma, mazenera otsegula dzuwa likatuluka ndi kutseka mvula ikamagwa, komanso kuoda katundu wochepa woti athe msanga. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chaka chatha ngati mchere wanu unasungunukira pakona ina ya golosale, chaka chino ukasungunukiranso pomwepo. Sunthani thumbalo lero, mitambo isanasonkhane.