Ndere za pa Zilumba ndi Phindu Lake

Pa miyala yonyowa ndi pa makungwa a mitengo ya m'mapiri pamamera tizomera tobiriwira totchedwa ndere. Tilibe maluwa kapena mizu yeniyeni. Timamwa madzi ndi thupi lonse, ndipo timaberekana ndi timbewu tonga fumbi touluka ndi mphepo. Fuko lina la ndere Angelezi amalitcha liverworts, pakuti zina mwa izo zimayala pansi ngati chiwindi.

Kum'mawa kwa Madagascar kuli chilumba cha Réunion, chimene chinabadwa ndi mapiri olavula moto pakati pa nyanja, ndipo sichinalumikizanepo ndi mtunda. Koma kumeneko kuli mitundu ya ndere yoposa 800, ndipo yoposa 300 ndi ya fuko la chiwindi lija. Makolo a nderezi anaoloka nyanja monga fumbi, napeza malo osiyanasiyana: phiri la Piton des Neiges ndi lotalika mamita 3,070, kunsi kwake kotentha, pakati pake pa nkhungu, pamwamba pake pozizira. Mtundu uliwonse unadzipezera pokhala pake. M'nkhalango za nkhunguzo ndere zimakuta mitengo, zimasunga madzi, ndi kuwadontheza pang'onopang'ono kufikira m'timitsinje.

Kusunga madzi kumeneku ndiko kunapatsa ndere mtengo wa malonda. Ndere ya m'madambo yotchedwa Sphagnum, ikauma, imatha kumwa madzi oilemera nthawi 20. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, thonje litasowa, anthu a ku Britain ankaitola kuti amangire zilonda za asilikali. Pa chilumba cha Chiloé ku Chile anthu amaikolola ndi kuigulitsa kunja kwa olima maluwa. Ikafa imaunjikana m'dambo nisanduka dothi lakuda loyaka moto, limene anthu a ku Ireland ndi ku Scotland akhala akuotha kuyambira kale.

Koma dothilo limakwera pafupifupi milimita imodzi yokha pa chaka. Motero wokumba mita imodzi wachotsa ntchito ya zaka 1,000. Dambo lokumbidwa limauma, ndi madzi ake omwe amapita.

Mphunzitsi asadikire buku la zithunzi. Pa Zomba, pa Mulanje, ngakhale kuseri kwa nyumba nthawi ya dzinja, ndere zilipo. Atenge kachidutswa kouma, akaviike m'madzi, napatse mwana kuti afinye. Ana amene aona madzi akutuluka m'dzanja la mnzawo adzamvetsa chifukwa chake mtsinje umaphwa anthu akadula nkhalango ya m'phiri.