Ana Athu Aidziwe Nkhani ya ku Koko

Tsiku lina m'mawa, ana a Sitandade 7 atatha kusesa pabwalo la sukulu, ndidawafunsa funso tisanatsegule mabuku. Ndidati, "Mnansi wolemera atafika kwa atate anu ndi kunena kuti dzala lake ladzaza, amlole azitaya zinyalala kuseri kwa nyumba yanu ndipo azilipira mwezi ndi mwezi, atate anu ayankhe chiyani?" Ana ambiri adafuula kuti akane. Koma mnyamata wina wa kumbuyo adaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, zitengera mwezi wake. Ukakhala wa February, m'nkhokwe mulibe kanthu, abambo anga akhoza kuvomera." Anzake adaseka, koma ine sindidaseke, pakuti mwanayo adakhudza mtima weniweni wa phunziro lathu.

Apo mpamene ndidawasimbira za Koko, kadoko kakang'ono ka kumwera kwa Nigeria. M'zaka za 1987 ndi 1988 zombo zidatula kumeneko migolo zikwizikwi ya zotsalira za m'mafakitale a ku Italy, yolemera pafupifupi matani 4,000, ina mwa iyo muli mankhwala a poizoni. Mwini malo amene adaunjikapo migoloyo ankalandira madola 100 pa mwezi. Sadauzidwe zoona zake za katunduyo. Migolo idakhala padzuwa ndi pamvula kufikira ina idayamba kudontha.

Chimene chimawakondweretsa ana ndi ichi: amene adaulula chinsinsi sadali akuluakulu a boma ayi, koma ophunzira a ku Nigeria amene anali pa sukulu ku Italy. Iwo ataona nkhaniyo m'nyuzi za kumeneko adalembera makalata nyuzi za kwawo. Boma la Nigeria lidapsa mtima, lidaitanitsa kazembe wake ku Rome ndi kugwira chombo china cha ku Italy, kufikira eni zinyalala adavomera kudzatenga katundu wawo. Chombo chotchedwa Karin B chitasenza migoloyo chidayendayenda panyanja, maiko a ku Ulaya, ngakhale Britain, akuchikaniza kukocheza. Apa ndimaima ndi kufunsa ana kuti, chimene azungu adachiopa padoko pawo, nanga chidali chabwino bwanji pakhomo pa mlimi wa ku Koko?

Chifukwa chake sichivuta kufotokoza, ngakhale kwa mwana wa zaka 12. M'maiko olemera malamulo a katayidwe ka poizoni adakhwima, ndipo mtengo wowonongera zinthuzo mosamala udakwera zedi. Amalonda adaona kuti nkotchipa kulipira chombo ndi kutumiza vutolo kumene anthu ali pa umphawi ndipo oyang'anira madoko alibe zida zopimira. Nthawi zina ankangosintha dzina. Phulusa la zinyalala za mzinda wa Philadelphia ku America lidatulidwa pagombe la Gonaives ku Haiti mu 1988 alikulitchula feteleza.

Zitachitika izi, maiko adapangana ku Basel mu 1989 kuti zinyalala zoopsa zisatumizidwe ku dziko lina popanda dzikolo kudziwa ndi kuvomera. Maiko a mu Africa adaona kuti panganolo lidasiya mpata, choncho mu 1991 adapanga lawo ku Bamako loletseratu kulowetsa zoterezi mu Africa muno. Komabe pepala silitseka doko. Mu 2006 zonyansa za m'chombo cha Probo Koala zidatayidwa usiku m'malo ambiri a mzinda wa Abidjan ku Ivory Coast. Anthu oposa 100,000 adakafuna thandizo ku chipatala, ndipo ena adamwalira.

Aphunzitsi anzanga, pali mbuna imene tiyenera kuilambalala. Nkwapafupi kuphunzitsa nkhaniyi motero kuti ana atuluke m'kalasi akungodana ndi azungu. Kutero ndi kuwanamiza pang'ono. Ku Abidjan magalimoto amene adamwaza poizoniyo adali a kampani ya komweko. Mbala ikaba ng'ombe m'khola usiku wopanda galu kuuwa, akulu amafunsanso za amene adatsegula chipata. Ndipo ku Ulaya nakonso kudali atolankhani ndi anthu wamba amene adaimirira kutsutsa malonda onyansawa. Ana amve zonsezi, kuti aphunzire kuweruza ntchito ya munthu m'malo mwa khungu lake.

Ku Sande Sukulu ndimawerenga nawo Deuteronomo 23, pamene Aisraele adalamulidwa kukhala ndi malo kunja kwa chigono ndi kufotsera zonyansa zawo. Aliyense ankafotsera zake. Palibe pamene adaloledwa kukazisiya pa hema wa mnzake wosauka ndi kumponyera kandalama.

Nditatha kusimba za Koko tsiku lija, kamtsikana kena kamene sikalankhulalankhula kadati, "Aphunzitsi, migolo imene amayi amagula pamsika kuti tizisungiramo madzi, kale munali chiyani?" Ndidasowa choyankha, pakuti nanenso kwathu uliko umodzi umene sindidaufunse mbiri yake. Tidagwirizana kuti aliyense akayang'ane zolembedwa pa migolo ndi zigubu za kwawo, akope m'kope lake, ndipo akapeza chizindikiro cha chibade ndi mafupa opingasa akaonetse makolo tsiku lomwelo. Lolemba lotsatira ana 6 adabwera ndi zojambula za chibade. Chimodzi chidachokera pa chigubu cha mankhwala a thonje chimene banjalo linkatungira madzi akumwa, ndipo mayi wake wa mwanayo adabwera nacho yekha kusukulu kudzafunsa kumene angakachitaye.